Akati Ameni, Wodwala Alowera Kuti?

Ku Zengeza tsiku limayambira pa mjigo. Kusanayere n'komwe zigubu zandanda kale, zachikasu, zoyera, zina zomangidwa pulasitiki pakamwa chifukwa zitsekerero zidasowa kalekale, eni ake atakhala pambali, wina pa njerwa, wina pa wilibala, kudikira kuti mzere usunthe. Wofuna kulalikira pamalo otere safunika belu. Mpingo wasonkhana wokha, ndipo palibe angachoke pokhapokha atalolera kutaya malo ake.

Ndi pomwepo pamene ndidawaona koyamba: amayi anayi ndi mnyamata mmodzi wonyamula Baibulo lokutidwa ndi jumbo. Adalibe chinkuzamawu, adalibe tenti. Ankangotsata mzere, kulonjera, kufunsa ngati alipo wofuna pemphero. Ambiri ankapukusa mutu, maso ali pa chigubu. Koma agogo ena amene adakhala pa ndowa yovundikira adangotambasula miyendo osanena kanthu. Mapazi adali otupa mpaka akakolo osaoneka, khungu likunyezimira ngati adzola mafuta, patapata atangolowa zala zokha. Mmodzi mwa amayiwo adagwada pa matope a pa mjigowo, nagwira mapaziwo ndi manja awiri, napemphera m'Chishona chapansipansi, mwina mphindi zitatu. Atatha adawafunsa agogowo dzina, nyumba yomwe amakhala, ndi amene amawaphikira. Amayi ogwadawo ndi azakhali anga.

Azakhaliwo adabadwira konko ku Zimbabwe. Bambo awo, amene ndi agogo anga, adachoka ku Dedza wapansi nthawi ya atsamunda, kusiya bambo anga ali kumsana, nadutsa Tete kukafuna ntchito ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, ndipo sadabwererenso. Ndi aja kwathu timati matchona. Adakwatiranso kumeneko, ana awo nakula akutchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, chonsecho Blantyre sadaiponde. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chishona, chokhala ngati chomwe mumachimva m'nyimbo za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, nawonso a magazi akwathu amene adatchukira mu Chitungwiza momwemo. Azakhali ndi mayi wa Chigwirizano mu CCAP, mpingo womwe Sinodi yake ya Harare idamera pa anthu obwera kuchokera kwathu, koma ntchito ya pa mjigoyi amaigwira ndi anzawo a mipingo ina, popanda mbusa wowatuma. Mwana wawo wachisamba, msuweni wanga, ndi namwino.

Madzulo a tsikulo, nsima ili patebulo, ndidaputa dala mavu pofotokoza zomwe ndidaona. Msuweni adabweza mbamu m'mbale.

"Amayi, mapazi aja si a pemphero. Uja ndi mtima, kapena impso. Mwawagwiragwira, amva bwino, ndiye sabata ino sapita kukayezetsa chifukwa akudikira kuti aphwe."

"Iwe udapitako kukawaona?" adafunsa azakhali osadzutsa mutu. "Miyezi itatu agogo aja akukhala pa ndowa ija. Anamwino angati adutsa pamenepo?"

"Ntchito yanga ili kuchipatala."

"Yanga ili pa mjigo."

Adakokana motero masabata awiri onse amene ndidakhalako, ine ndikungotembenuza khosi uku ndi uku.

Kuti mumvetse chifukwa chake pemphero lili ndi msika waukulu chonchi kuno, muyambe mwaona malowo. Chitungwiza ili makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Idapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, St Mary's ndi Zengeza, ndipo cholinga cha boma la azungu chidali chosabisa: anthu akuda azigona kutali, m'mawa azikwera basi kukagwira ntchito mumzinda. Kalembera wa 2012 adapezamo anthu oposa 350,000. Ntchito zomwe ankazigonera kunozo zidatha imodziimodzi. Fakitale ya nsalu ya Cone Textiles, yomwe inkadyetsa mabanja masauzande, idagwa m'zaka za m'ma 1990. Mu 2005 Operation Murambatsvina idagumula zisakasa ndi timisika, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, lidati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonselo adataya pogona kapena popezera chakudya. Pofika Januwale 2009 banki yayikulu inkasindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Madzi a m'mipopi amachokera ku Harare akafuna, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zikaphulika zimayenda mumsewu ngati ngalande ya dzinja.

Uneneri nawo sudabwere ndi magalimoto akuluakulu a masiku ano. Dera limeneli ndi la Chaminuka, mzimu wotchuka wa Ashona, womwe wobwebweta wake, Pasipamire, adaphedwa ndi ankhondo a Lobengula mu 1883. Mukatuluka pang'ono m'nyumba, m'madambo ndi pamiyala, Lachisanu kapena Loweruka mumaona nsalu zoyera mbuu: vapostori, otsatira Johane Masowe ndi Johane Marange, amuna awiri amene onse adayamba kulalikira mu 1932. Emmanuel Makandiwa adali mbusa wa Apostolic Faith Mission mu Chitungwiza momwemu asanayambitse United Family International Church. Walter Magaya wa Prophetic Healing and Deliverance Ministries adakulira konkuno. Amayi anayi a pa mjigo aja ndi kanthu kakang'ono pakati pa zimphona zimenezi, ndipo theka la mkangano wa azakhali ndi mwana wawo lagona pa funso loti kodi kanthuko ndi ka mtundu womwewo kapena ayi.

Mfundo ya azakhali imayambira pa funso lomwe adamuponyera mwana wawo lija, ndipo si lopepuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wodwala amagogoda pomwe akuona kuti amutsekulira. Kuchipatala amafuna kandalama ka khadi, kawirikawiri m'madola a ku America, ndipo ukaonana ndi namwino mwina amangokulembera mankhwala oti ukagule wekha ku famase. Agogo odalira mdzukulu wogulitsa tomato sauyamba n'komwe ulendowo. Kuyambira Seputembala 2019 mpaka Januwale 2020 madokotala a m'zipatala za boma adanyanyala ntchito ponena kuti malipiro sankawakwanira ngakhale thiransipoti, ndipo zidatengera thumba la Strive Masiyiwa, kudzera ku Higherlife Foundation, kuti ambiri abwerere. Miyezi inayi imeneyo matenda sadanyanyale nawo. Amene adakhala m'mbali mwa mphasa za odwala, amatero azakhali, ndi amayi omanga maduku, opanda satifiketi, opanda malipiro oti anyanyalire.

Koma mfundo yawo yomwe idandigwira kwambiri si imeneyo. Adandiuza tsiku lina tikubwera ku msika wa Chikwanha kuti m'tauni munthu amabisa. Kumudzi ukadwala mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe. Kuno nyumba imodzi muli mabanja anayi ochita lendi, aliyense ndi loko wake. "Sungagogode pakhomo la munthu n'kunena kuti ndabwera kudzaona ngati mwagona ndi njala, mwana wa achimwene. Akuthamangitsa. Koma ukati tabwera kudzapemphera, amakutsekulira." Pemphero ndiye chiphaso cholowera. Ukalowa maso amaona okha: mbaula yozizira, zofunda zosachapa, mabotolo a mankhwala opanda kanthu pawindo. Mawa lake amayi aja amabwerera ndi kaufa, sopo, chigubu cha madzi. Wina amachapa, wina amasesa. Ndidaziona ndekha, ndipo sindidaone ndalama ikuchoka m'dzanja la wodwala kupita m'dzanja lawo.

Palinso matenda amene alibe khadi. Ashona ali ndi liwu labwino, kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso mpaka thupi kufooka. Mayi wamasiye amene ana ake onse ali ku Johannesburg ndipo foni idasiya kulira; bambo amene adachotsedwa ntchito zaka 20 zapitazo koma amavalabe tayi m'mawa; mayi amene mwana wake akusuta mutoriro kapena kumwa bronco, mankhwala ozunguza bongo, wagulitsa ketulo, wagulitsa nsapato za abale ake, ndipo anansi akumuloza chala. Anthu otere samva mutu wokha. Akufuna wina awatchule dzina, awagwire dzanja, anene mokweza pamaso pa Mulungu ndi anthu kuti vuto lawo ndi vuto. Namwino amene panja pali mzere wa anthu 60 sangachite zimenezo ngakhale atafuna.

Za m'Malemba azakhali sachedwa nazo. Petro ndi Yohane adakumana ndi wopuwala pa chipata cha kachisi, panja, ndipo adalibe ndalama yomupatsa. Kalata ya Yakobo imalamula kuti wodwala aitanirwe akulu a mpingo. Nanga n'chifukwa chiyani mumsewu? Chifukwa wosauka weniweni salowa m'tchalitchi. Alibe chovala cha Lamulungu, alibe chopereka, ndipo mbale ikamadutsa amachita manyazi. Amakumbutsanso kuti Ezekiel Guti adayamba mu 1960 pansi pa mtengo wa bulugamu ku Bindura, akupempherera odwala, ndipo pomwe ankamwalira mu 2023 ali ndi zaka 100, mpingo wake wa ZAOGA udali ndi yunivesite komanso chipatala cha Mbuya Dorcas ku Waterfalls. Munthu wa machiritso adamanga chipatala; ndiye udani wake uli pati?

Msuweni sakana Mulungu. Amaimba kwaya, besi. Chomwe amakana ndi kawerengedwe. Pa msonkhano wachitsitsimutso amawerenga amene ataya ndodo Lamulungu, ndipo palibe amabwera Lachinayi kudzaona ngati munthuyo sadaitolenso. Umboni umaperekedwa ndi amoyo okha. Otsalawo amafika kwa iye: wachifuwa chachikulu amene watha miyezi isanu akumwa madzi odalitsidwa, pomwe akutsokomolera ana ake m'chipinda chimodzi, washuga amene chilonda cha kuphazi chafika poti mwendo udulidwe, mwana wakhunyu amene adasiyitsidwa mapilitsi chifukwa chiwanda chidatuluka kale, kenako wagwera pambaula.

Chomupweteka koposa ndi ma ARV. Ku Zimbabwe anthu pafupifupi 1.3 miliyoni ali ndi HIV, ndipo ambiri a iwo ali moyo chifukwa cha mapilitsi amenewa. Munthu akamamwa mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake osakaona. Pepala limenelo, lomwe ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, ndi lomwe ena amapita nalo kutsogolo kwa mpingo ngati umboni woti pemphero lachiritsa. Nthungululu, ng'oma, munthu n'kutaya botolo. Pakangopita masabata kachilombo kabwerera, ndipo nthawi zina kamabwerera kosamvanso mankhwala oyamba aja. Mu Okutobala 2018 Magaya adalengeza pamaso pa khamu kuti wapeza mankhwala a zitsamba otchedwa Aguma ochiza HIV. Mu Febuluwale 2019 bwalo la milandu ku Harare lidagamula chindapusa cha madola 700 chifukwa chophwanya lamulo la mankhwala. Madola 700, kwa munthu wodzaza mabwalo a mpira! Ife a ku Malawi tisaseke. Mu 1995 anthu masauzandemasauzande adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati adaulota, ndipo maliro a Edzi sadachepe ndi amodzi omwe.

Kenako amatchula za pakhomo pomwepo. Kolera yayikulu ya ku Zimbabwe idabuka mu Ogasiti 2008 mu Chitungwiza momwemu, ku St Mary's ndi Zengeza, isanafalikire dziko lonse. Idagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000. Kolera imapha m'maola. Imafuna madzi a mchere ndi shuga, imafuna diripi, ndipo theka la tsiku lomwe latha munthu ali ku masowe kopempherera ndi theka la moyo wake. Mu 2022 chikuku chidayambira ku Mutasa m'chigawo cha Manicaland ndipo pofika Seputembala chidali chitapha ana oposa 700, ambiri osabayidwa katemera, ambiri a m'mabanja a mipingo yokana chipatala. Wamkulu akakana mankhwala, amatero msuweni, wasankha yekha. Mwana wa zaka ziwiri sadasankhe.

Ndipo mphamvu ya wosanjika manja ilibe woiyang'anira. Namwino ali ndi bungwe lomwe lingamulande satifiketi. Mneneri amadzilemba yekha ntchito. Ku Juranifiri Santa, malo opempherera a Johane Masowe weChishanu mu Chitungwiza, kunkasonkhana anthu masauzande kwa Madzibaba Godfrey Nzira. Matthew Engelke, amene adachita kafukufuku pakati pa gulu limeneli, adafotokoza m'buku lake la 2007, A Problem of Presence, momwe iwo sawerengera Baibulo ponena kuti Mawu amawalandira mwachindunji kwa Mzimu Woyera, ndi momwe odwala amapatsidwira timiyala ndi madzi opemphereredwa, zomwe amati muteuro. Mu 2003 Nzira adapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra amayi amene adabwera kwa iye kudzafuna thandizo. Robert Mugabe adamukhululukira mu 2011. Mu Novembala 2014 anthu 11 adafa popanikizana potuluka pa msonkhano wa Magaya m'bwalo la Mbizo ku Kwekwe. Ambiri opita kumisonkhano yotere amakhala odwala kale, ndi okalamba, ndi amayi obereka ana kumsana.

Pali chinthu china chomwe msuweni amachinena motsitsa mawu. Pemphero la machiritso likalephera, cholakwa chimafuna mwini. Poyamba ndi wodwalayo: chikhulupiriro chako n'chochepa, mbewu yomwe udafesa idali yaying'ono. Munthu wabwera ndi nthenda imodzi, wabwerera ndi ziwiri. Zikapitirira, chala chimatuluka panja: pali wina m'banja mwanu. Ndipo chala chimenecho chimadziwa kolowera, kwa apongozi, kwa agogo okhala okha, kwa mlendo. "Ife mabhurandaya, asuweni, timadziwa bwino amene amatchulidwa koyamba pa nkhani za mankhwala," adatero, ndipo apa ngakhale azakhali sadayankhe.

Amamaliza ndi zonyansa zoyenda mumsewu zija. Paipi yophulika si chiwanda. Mpopi wouma si temberero la makolo. Munthu akaphunzitsidwa kuti vuto lake lili kumizimu, sapita ku khonsolo kukafunsa komwe idapita ndalama ya madzi. Andale amazidziwa bwino izi: mu 2010 Mugabe, Mkatolika, adavala mkanjo woyera n'kugwira ndodo pa msonkhano wa a Marange ku Mafararikwa, ndipo kuyambira kale chisankho chikayandikira nsalu zoyera zimapeza alendo ambiri.

Yankho la azakhali pa zonsezi ndi lalifupi: ife si amenewo. Ndipo akunena zoona. Sagulitsa mafuta, alibe maenivelopu a mbewu, sadauzepo munthu kuti ataye mapilitsi. Kuwaika m'dengu limodzi ndi aneneri akuluakulu aja ndi chinyengo cha mtsutso, ndipo msuweni amachichita akatopa. Mwambi wa nsomba imodzi yowola uja ndi wa nsomba, si wa anthu.

Komabe ine ndidamuyang'anitsitsa mnyamata wa Baibulo la m'jumbo uja. Ndi mwana wabwino, waulemu, wopanda ntchito chitsirizireni sukulu. Usiku amaonera aneneri pafoni, ndipo mawu ake akamapemphera ayamba kusasa ngati awo, kukuwa kuti tuluka pomwe amayi aja amangonong'ona. Tsiku lina adatulutsa foni kuti ajambule mayi amene ankalira popemphereredwa, akaike pa Facebook. Azakhali adamumenya padzanja ngati mwana woba ndiwo. Koma azakhali ali ndi zaka zoposa 60. Mnyamatayo akadzayamba kuyenda yekha, atazindikira kuti m'dera lopanda mafakitale uneneri ndi ntchito yokhayo yosafuna mpamba, adzatengera ndani? Kamtengo kakang'ono kamakulira mumthunzi wa waukulu. Msuweni akamaseka kuti Yesu mwini adadzudzula opemphera pa mphambano za misewu kuti anthu awaone, azakhali amati chodzudzulidwa ndi kudzionetsera, osati msewu. Chabwino. Nanga foni yojambula misozi ya munthu ndi chiyani? Ndi chimodzimodzi alendo ochokera kunja amene amabwera masabata awiri, kuyenda m'misewu yomweyi ndi womasulira, kupempherera mitu ndi misana, n'kukwera ndege ndi chiwerengero cha ochiritsidwa. Mtima wawo ungakhale wabwino, koma Lachinayi sakhalapo.

Mbali ya msuweni nayo ili ndi bowo, ndipo ndi lalikulu. Amalankhula ngati kuti mutatseka pakamwa alaliki onse lero, mawa anthu adzandanda kuchipatala n'kupezako mankhwala. Sadzatero. Agogo aja sankasankha pakati pa pemphero ndi dokotala. Ankasankha pakati pa pemphero ndi ndowa yawo. Ndipo sayansi yomwe iye amaidalira idavomereza kale theka la zomwe amayi ake akunena. Murambatsvina itangodutsa, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayamba ku Mbare ntchito yotchedwa Friendship Bench: benchi yathabwa panja pa chipatala, agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula yekha vuto lake. Kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare, wofalitsidwa mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse okhala pabenchi pafupifupi 14 ndiwo adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pomwe mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse adali pafupifupi 50. Mabenchiwo adafika ndi ku Chitungwiza komwe. Mayi wachikulire wokhala pansi ndi munthu, kumumvetsera, ndi mankhwala oyezeka.

Ndidawauza onse awiri za kafukufukuyu, aliyense namukokera kwake. Azakhali adati, wamva? Msuweni adati, inde, koma agogo a pabenchi adaphunzitsidwa kudziwa pomwe nzeru zawo zathera, ndipo akaona munthu wofuna kudzipha amamutumiza kwa namwino tsiku lomwelo. Onse awiri adalondola, ndipo ndi pamenepa pamene ine ndidasiya kutembenuza khosi.

Funso loti kodi pemphero limachiritsa sindingaligamule, ndipo sindikuganiza kuti ndi lomwe likupha kapena kupulumutsa anthu ku Zengeza. Chomwe chimapha kapena kupulumutsa ndi mawu oyamba otuluka pakamwa pa wopemphera akangoti Ameni. Akati mwachira, musakayike, wamutsekera munthu njira, pakuti tsopano kupita kuchipatala kwasanduka kusakhulupirira. Akati ndikuona munthu m'banja mwanu, wayatsa moto m'nyumba yomwe sadzagonamo. Akati fesani mbewu, akumbukire Gehazi, mnyamata wa Elisa, amene adathamangira mphatso za Namani n'kubwerako ndi khate. Koma akati mawa m'mawa tipitire limodzi, mapilitsi anu ali kuti, tione, ndiye kuti pempherolo lachita ntchito yomwe chipatala sichingathe, kumupeza munthu komwe wabisala. Akhate khumi aja Yesu adawatumiza kwa ansembe, ndipo m'chilamulo cha Mose ansembe ndiwo adali oyeza khungu, olengeza kuti nthenda yathadi. Wochiritsayo sadadzichitire yekha umboni.

Pa ichi ndiima pafupi ndi azakhali kuposa momwe ndinkayembekezera ndikutsika basi, koma osati pomwe iwo aima ndendende. Iwo amaganiza kuti kusanena kuti tayani mankhwala n'kokwanira. Sikokwanira. Munthu wosauka, wotopa, wopanda ya kombi, safuna kuuzidwa kuti asapite. Amangofuna chifukwa chozengerezera, ndipo dzanja lofunda paphazi lotupa ndi chifukwa chokwana sabata yathunthu. Apa msuweni adalasa. Ndidawauza azakhali zimenezi tikutsuka mbale, ndipo adangoti, "Iwenso walowa chipani cha mwanayu," koma sadakwiye.

Loweruka lomaliza ndisananyamuke, msuweni adali pa ofu. Adadzuka akung'ung'udza, natenga makina oyezera BP m'chikwama, natsatira amayi ake. Agogo aja amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, kamalata, kokwana mphasa imodzi ndi mbaula. Adakana kutambasula mkono mpaka atayamba apemphereredwa, ndiye namwino adaima pakhomo, makina m'manja, maso otseka theka, kudikira Ameni. Atayeza sadanene nambala. Adangoyang'ana amayi ake, iwo namva. Adadina chala pamwendo, dzenje lake nkukhala osabwerera. Adalemba kapepala. Ya kombi ndi ya khadi idatuluka m'chitini cha majarini chomwe amayi anayi aja amaponyamo masenti Lachitatu lililonse, ndipo mnyamata wa Baibulo uja ndiye adawabereka agogowo mpaka pamsewu.

Ndidabwerera kudzera ku Nyamapanda ndi Zobue, njira yomwe agogo anga adaiyenda wapansi. Patatha masabata atatu uthenga wa azakhali udalowa pa WhatsApp, wamawu, nthungululu ili kumbuyo: mapazi aphwa, agogo avala nsapato, Mulungu ndi wamkulu. Ola lisanathe udalowa wa msuweni, wolemba. Mapilitsi okodzetsa a agogo aja atsala a masiku anayi, ku famase akufuna madola, ndipo m'chitini mwatsala makobidi awiri.